Zobwereka ndi Zosabwereka: Banja m'Maso mwa Wojambula Zithunzi



Pa chaka chachikondwerero ngati chino, pamene parishi yakwanitsa zaka 100, mabanja ambiri atsegula masutikesi amene anakhala chitsekere kwa nthawi yaitali, kufunafuna zithunzi zakale. Zina zapezeka pakati pa masamba a buku la mapemphero, zina zokulungidwa m'kapulana pansi pa zovala, zina chiswe chitazidya kale m'mbali. Zambiri mwa izo n'za masiku aakulu a banja: ukwati, ubatizo wa mwana, tsiku loyamba kulandira Ukaristia. Akuluakulu amene anaphunzira m'Chipwitikizi amachitcha chithunzi chotere retrato, ndipo amachilandira ndi manja awiri monga alandirira chinthu cholemekezeka.

Mdzukulu akaona chithunzi cha ukwati wa agogo ake amadabwa. Agogo aamuna, amene iye anawadziwa ali ndi khasu paphewa ndi zigamba m'maondo, aima pamenepo atavala suti ndi tayi, wotchi ikunyezimira pamkono. Agogo aakazi avala nsapato zimene sanaonekenso nazo moyo wao wonse. Mwanayo amafunsa kuti, "Kodi agogo anali olemera?" Akuluakulu amaseka, namuuza kuti suti inali ya aphunzitsi, wotchi inali ya alamu, ndipo nsapato anazibweza madzulo a tsiku lomwelo. Pamenepo funso lina limabadwa, loyenera kufunsidwa pa chaka chokumbukira makolo: ngati zovala zinali zobwereka, kodi chithunzicho chikunena zoona zotani za banja limenelo?

Woyenera kuyankha ndi munthu amene saoneka m'chithunzimo, uja anaima kuseri kwa kamera. Iye amaona mabanja ambirimbiri pa tsiku lao labwino koposa, ndipo amadziwa chimene chinabwerekedwa ndi chimene banja linabwera nacho lokha. Mwa ojambula a mu Afrika amene anagwira nchito imeneyi, pali mmodzi amene zithunzi zake zinasungika bwino kufikira kuti zinaonetsedwa m'mizinda ikuluikulu ya dziko lapansi. Sanali wa kuno, ndiponso sanali Mkhristu. Anali Msilamu wa ku Mali, kumadzulo kwa Afrika, kutali zedi ndi Angónia. Koma zimene anaona pabwalo la nyumba yake n'zomwezo zimene amaona wojambula aliyense woima pakhomo la tchalitchi pa tsiku la ukwati.

Mmisiri wa ku Bamako

Dzina lake anali Seydou Keïta. Anabadwa cha m'ma 1921 mu mzinda wa Bamako, m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Niger. Masiku amenewo dzikolo linali m'manja mwa Afalansa ndipo linkatchedwa Soudan français. Ufulu wake pansi pa dzina lakuti Mali linaulandira mu 1960. Bambo wake anali mmisiri wa matabwa, kotero kuti mnyamatayo anakula akupala matabwa ndi kukhoma mipando. Mu 1935 mbale wa bambo wake anabwera kuchokera ku Senegal ndi kamera yaing'ono ya mtundu wa Kodak Brownie, naipereka kwa iye. Anayamba ndi kujambula abale ake ndi anzake, akumalakwa ndi kuyesanso, ndipo zipangizo ankagula m'sitolo ya Mfalansa wina, Pierre Garnier, amene ankamulangizanso za nchitoyi.

Mu 1948 anatsegula situdiyo pakhomo pa makolo ake m'dera la Bamako-Coura, kuseri kwa ndende yaikulu ya mzindawo, pafupi ndi msika ndi siteshoni ya njanji yochokera ku Dakar. Malowa anali odutsa anthu ambiri, ndipo apaulendo ochokera m'maiko oyandikana nao ankatsika sitima nadzajambulitsa. Situdiyoyo inali makamaka bwalo la panyumba, pakuti Keïta ankakonda kuwala kwa dzuwa kuposa nyali zamagetsi. Kumbuyo kwa wojambulidwa ankapachika nsalu. Yoyamba inali nsalu yake yomwe yoyala pabedi, ndipo patapita zaka zingapo ankasintha n'kuika ina yamaluwa kapena yamizere yopotapota.

Kamera yake inali yaikulu, yoima pa miyendo itatu, yotulutsa chithunzi cha masentimita 13 kwa 18. Chotsekera chake chinali chowonongeka, choncho iye ankachotsa chivindikiro cha diso la kamera ndi dzanja, nayesa nthawi mumtima, nachibwezeranso. Filimu inali yokwera mtengo. Chifukwa cha ichi kawirikawiri munthu aliyense ankamujambula kamodzi kokha, ndipo kamodziko kanayenera kukhala kabwino. Anagwira nchito imeneyi mpaka cha m'ma 1963, pamene situdiyo inatsekedwa iye atatengedwa kukhala wojambula wa boma latsopano, komwe anatumikira mpaka 1977.

Katundu wa tsiku limodzi

Chimene chimakhudza funso la mdzukulu uja ndi ichi: Keïta ankasunga katundu wobwereketsa anthu odzajambulitsa. Anali ndi masuti angapo, matayi, zipewa, mandala, mawotchi, zolembera ndi maluwa apulasitiki. Anali ndi wailesi yoti munthu atsamire, telefoni yosalumikizidwa kulikonse, njinga yakapalasa, njinga yamoto ya mtundu wa Vespa, ndiponso galimoto lake la Peugeot 203. Pakhoma ankaonetsa zithunzi za anthu ena kuti wobwerayo asankhe kaimidwe kamene kamusangalatsa. Motero mnyamata wosadziwa kulemba ankaoneka ndi cholembera pathumba la jekete, ndipo mayi amene sanakwerepo galimoto ankaima atagwira chitseko chake monga mwini. Munthu woyang'ana zithunzi zambiri za Keïta pamodzi amayamba kuzindikira wailesi yomweyo ndi njinga yomweyo zikubwerezabwereza m'manja mwa anthu osiyanasiyana.

Kodi limeneli linali bodza? Woweruza msanga anganene choncho, koma nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri. Anthu amenewa anali pansi pa ulamuliro wa atsamunda, amene kawirikawiri ankajambula munthu wakuda monga chinthu chodabwitsa chokaonetsa kwao, osamufunsa m'mene akufunira kuoneka. Pabwalo la Keïta zinthu zinali zosiyana: wojambulidwayo ndiye ankalipira, ndiye ankasankha chovala, ndiye ankapita ndi chithunzicho kunyumba. Suti yobwerekayo inkanena za ulemu umene munthuyo ankadziwa kuti ali nao, ngakhale kuti dziko silinkaumupatsa. Momwemonso agogo aja sananame pobwereka suti ya aphunzitsi. Analemekeza tsikulo, analemekeza mkazi wao, ndipo analemekeza ana amene anali asanabadwe, amene adzayang'ana chithunzicho.

Komabe wojambula sankanyengedwa ndi katundu wake yemwe. Banja likachoka, wotchi inkabwerera m'kabati kudikira mkono wina. Tsono diso lake linkafunafuna chinthu china, chimene sichinali m'kabatimo.

Chimene sichibwerekedwa

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mmisiri wokhala ndi mwai umodzi wokha pa banja lililonse anayenera kudekha ndithu. Ankayala chovala cha mayi kuti mapindo ake agwe bwino, natembenuza nkhope pang'ono chammbali, naikanso manja pamalo oyenera. Manja ndiwo amaonekera kwambiri m'zithunzi zake. Muli manja a mkazi ali paphewa la mwamuna wake, dzanja la mwamuna likukumbatira mkazi, manja a amayi awiri ovala nsalu yofanana atagwirana. Chimodzi mwa zithunzi zake zodziwika koposa chimaonetsa bambo wamkulu thupi zedi, atavala mkanjo wotakata, atakhala pampando ndi khanda pamwendo pake. Khandalo ndi laling'ono ngati kamwana ka nkhunda pa chifuwa chimenecho, koma manja aakuluwo aligwira mosamala, ndipo nkhope ya bamboyo yadzala ndi kumwetulira.

Wojambula angathe kuika dzanja la mkazi paphewa la mwamuna, koma sangathe kulilamula kuti lipume pamenepo. Dzanja lozolowera phewa limenelo limagona mwaufulu. Dzanja loopa limakhala louma ngati nkhuni, zala zitaongoka, likudikira kuti chivindikiro chibwerere pa kamera kuti lichoke. Chimodzimodzi mpata wa pakati pa anthu awiri pabenchi, kapena kumene mwana wamng'ono amathawira akaona bokosi lakuda likumuyang'ana: mwana amathamangira mwendo umene anazolowera kuukumbatira, ndipo palibe mmisiri angamuphunzitse zimenezo m'mphindi zisanu.

Zinthu zimenezi sizipangidwa pa tsiku lojambulitsa. Zimapangidwa m'masiku ambirimbiri amene palibe anawajambula, ndipo banja limafika nazo pabwalo la wojambula monga munthu afika ndi kayendedwe kake. Chithunzi cha banja chili ngati nkhokwe: chimaonetsa pa tsiku limodzi zimene zinalimidwa m'miyezi yambiri.

Maphwando ndi amene saoneka

Keïta ankadikira anthu pabwalo lake. Koma mu mzinda womwewo munali wojambula wina wocheperapo msinkhu amene ankawatsata ku maphwando ao. Ameneyu anali Malick Sidibé, wobadwa cha m'ma 1935 m'mudzi wa Soloba, amene anaweta ziweto ali mwana asanapite ku sukulu ya zaumisiri ku Bamako. Iye anali ndi kamera yopepuka yokhala ndi nyali yong'anima, ndipo ankayenda panjinga usiku kuchokera ku phwando lina kupita ku lina: maukwati, madyerero otcha mwana dzina, magule a achinyamata. Akabwerera ankatsuka zithunzizo usiku womwewo, nazimata pa mapepala olimba, chilichonse ndi nambala yake, kuti eni ake adzasankhe zoti agule. Mu 2007 analandira mphoto yaikulu ya chionetsero cha ku Venice chifukwa cha nchito ya moyo wake wonse, ndipo anamwalira mu 2016.

Miyambo ya kumeneko ndi yosiyana ndi ya kuno. Wofunsira mbeta amatumiza zipatso za kola kwa makolo a mtsikana. Maukwati ambiri a ku Bamako amachitika Lamulungu, ndipo alakatuli otchedwa jeli amatama mibadwo ya mabanja awiriwo pamaso pa khamu. Mwana akatha sabata chibadwire amamuphera nkhosa namutcha dzina. Pa chikondwerero cha Tabaski aliyense amayesetsa kuvala chatsopano, ndipo masiku oterowo ndiwo ankadzaza makomo a ojambula. Koma ngakhale miyambo isiyane, mayi wa kuno ataona amayi a ku Bamako atavala nsalu yofanana pa ukwati angawazindikire msanga, pakuti nayenso anasokapo kapulana yofanana ndi ya abale ake pa ukwati wa mwana wa mchemwali wake.

Wojambula woyenda m'maphwando amaona chinthu chimene alendo saona. Amafika msanga, nalowa chakuseri kukafuna poika njinga, ndipo kumeneko amapeza phwando lina: amayi amene sanagone akusonkhezera moto, utsi uli m'maso, azakhali akuwerenga mbale, atsibweni akunong'onezana za mbuzi imene sinakwane, mtsikana amene watunga madzi kuyambira tambala woyamba. Nthawi ya chithunzi ikakwana, ameneŵa ambiri sapezekamo, chifukwa zovala zao zanunkha utsi ndipo mphika sungasiyidwe. Chithunzi chimatenga ovala bwino, koma phwando linasenzedwa ndi a kuseri. Mutu umodzi susenza denga, ndipo ukwati umodzi susenzedwa ndi anthu awiri oima pakati aja.

Mthenga wa Yohane Woyera, m'mutu wachiwiri, umasimba za ukwati wa ku Kana m'njira yofanana. Vinyo anatha phwando lili mkati. Amayi Maria ndiwo anaona vutolo, ndipo otumikira ndiwo anadzaza madzi m'mitsuko 6 yamiyala. Mkulu wa phwando analawa natama mkwati, osadziwa kumene vinyo wabwinoyo anachokera. Amene ankadziwa anali otumikira aja. Kukanakhala kamera tsiku limenelo, ikanajambula mkwati ndi mkwatibwi akumwetulira, ndipo chozizwitsa chonse chikanatsala kuseri, pamene panali mitsuko.

Masiku osajambulidwa

Ukwati ndi wotero. Tsiku lake lalikulu ndi limodzi, koma masiku ake enieni ndi zikwi. Palibe amene anajambula agogo aja akupalira chimanga mvula ili pamsana, kapena akukumba mbatata m'dimba m'mawa wozizira wa Juni. Palibe chithunzi cha usiku umene mwana anatentha thupi, mwamuna nanyamula nyali, mkazi nabereka mwanayo, kuyenda mtunda wautali kupita ku chipatala cha misyoni. Palibe chithunzi cha mwezi wa Febuluwale pamene nkhokwe inatha, mayi nanena kuti wakhuta kale kuti ana adye. Palibenso chithunzi cha madzulo amene ankhoswe anakhala pakhonde mpaka mwezi kulowa, kufikira mmodzi mwa awiriwo atatsitsa mutu napepesa. Walira mvula walira matope, ndipo amene alonjeza pa guwa alonjezanso masiku onsewa.

Mabanja a kuno amadziwa bwino kusiyana kwa chithunzi ndi moyo. M'zaka za atsamunda amuna ambiri ankapita kukagwira nchito ku Harare ndi ku migodi ya ku Joni, ndipo ena ankatumiza kwao chithunzi atavala bwino, atatsamira wailesi kapena njinga. Mkazi wotsala kumudzi ankachionetsa kwa anansi monyadira, koma iye yekha ndiye ankadziwa ngati m'kalatamo munali ndalama ya msonkho ndi ya mbewu, kapena munali chithunzi chokha. Pambuyo pake inadza nkhondo, imene inatha ndi pangano la mtendere losainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Anthu a dziko lino pafupifupi 1,000,000 anathawira ku Malawi, ndipo ambiri a ku Angónia anakhala zaka m'maboma a Dedza ndi Ntcheu. Pothawa usiku munthu amanyamula mwana, bulangeti ndi mphika. Zithunzi zambiri zinapsera m'nyumba kapena zinaola ndi mvula. Komabe mabanja amene anali m'zithunzizo anawoloka malire ali awiri, nabwerera ali awiri, namanganso pa bwinja. Pepala linatayika, koma chimene linkachitira umboni chinatsala.

Apa ndi pamene maso a wojambula angathandize mabanja a lero. Masiku ano pafupifupi aliyense ali ndi kamera m'foni yake, ndipo zithunzi za ukwati zimayenda kutali tsiku lomwelo. Mkwatibwi wina amaona za mnzake nafuna kuti zake zipose. Holo, magalimoto, zovala za operekeza, keke, wojambula kanema, zonsezi zasanduka ngati lamulo. Zotsatira zake n'ziwiri, ndipo aliyense woyenda m'miphakati amaziona. Pali mabanja amene amayamba moyo wao ndi ngongole, nagulitsa ng'ombe zolimira kuti alipire tsiku limodzi. Zithunzi zao n'zokongola, koma pakhomo pamakhala kulozana zala. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Palinso mabanja ena, ochuluka kuposa oyambawo, amene akhala pamodzi zaka 10 kapena 20 mokhulupirika, abereka ana, koma sanadalitse ukwati wao ndipo amakhala pabenchi pamene anzao akupita kukalandira Ukaristia. Akafunsidwa chifukwa, amayankha kuti ndalama za phwando sizinakwane.

Mpingo sunalamulepo holo kapena keke. Pa sakramenti la ukwati, mwamuna ndi mkazi ndiwo amapatsana sakramentilo mwa kuvomerezana kwao kwaufulu, pamaso pa wansembe ndi mboni ziwiri. Zina zonse n'zokometsera. Phwando ndi labwino, ndipo banja limene lingathe lichite mokondwera, pakuti Ambuye mwini sanakane kukhala pa phwando la ku Kana. Kubwereka suti si tchimo. Koma anthu awiri amene adutsa pamodzi m'njala, m'matenda ndi m'maliro ali kale ndi chinthu chija chimene wojambula wa ku Bamako sankatha kubwereketsa. N'zomvetsa chisoni kuti eni chuma chenichenicho ndiwo amadziyesa osauka, naima kunja kudikira zobwereka.

Nkhope zopanda maina, maina opanda nkhope

Nkhani ya Keïta ili ndi mbali yomaliza imene ikukhudza buku lachikumbutso ngati lino. Iye ankasunga manegativu ake, ndiye kuti timafilimu timene chithunzi chimatsukidwirapo, ndipo anasunga zikwi zambiri m'bokosi lachitsulo kunyumba kwake. Koma sankalemba maina a anthu amene anawajambula. Mu 1991 zithunzi zake zochepa zinaonetsedwa ku New York popanda ngakhale dzina la iye mwini. Pansi pake panalembedwa kuti wojambula wake sadziwika. Wosonkhanitsa zaluso wina, Jean Pigozzi, ataziona anatuma André Magnin ku Bamako kukafufuza. Kumeneko Malick Sidibé ndiye anayang'ana zithunzizo nazindikira dzanja la mkulu wake pa nchito, nalozera mlendoyo kunyumba kwa Keïta. Mu 1994 zithunzi zake zinaonetsedwa ku Paris pansi pa dzina lake, ndipo mkuluyo anamwalira mumzinda womwewo mu 2001, mbiri yake itafika kutali.

Dzina la mmisiri linapezeka, koma maina a ambiri mwa ojambulidwa aja sanapezeke. Zithunzi zao zinakulitsidwa n'kupachikidwa m'nyumba zikuluzikulu za zionetsero, zambiri zopanda mutu uliwonse, ndipo ngakhale chaka chake chimadziwika poyang'ana nsalu ya kumbuyo ija. Alendo amaima pamaso pa mwamuna ndi mkazi wake nasirira kukongola kwao, koma sangathe kuwatchula. Ndipo chithunzi chopanda mau chingathe kusokeretsa. Sidibé anajambula mu 1963 mnyamata ndi mtsikana akuvina, mitu yao ili pafupi kugundana, mtsikanayo wopanda nsapato. Ambiri ochiona amayesa kuti ndi anthu a pa chibwenzi, koma anali mnyamata ndi mlongo wake.

Mpingo uli ndi mbali inayo ya nkhaniyi. Msonkhano waukulu wa ku Trento unalamula mu 1563 kuti wansembe aliyense woyang'anira parishi asunge buku lolembamo maina a okwatirana, maina a mboni, tsiku ndi malo a ukwati. Luso lojambula ndi kamera linalengezedwa ku Paris mu 1839, patapita zaka 276. Choncho kaundula wa maukwati ndi wamkulu kwa kamera, ndipo amagwira nchito imene kamera singathe. M'kaundula muli maina opanda nkhope. M'masutikesi muli nkhope zimene maina ake akuyamba kuiwalika. Cholumikiza ziwirizi ndi chikumbumtima cha okalamba amene akali moyo, ndipo chingwe chimenechi chikufupika chaka ndi chaka. Gogo mmodzi akaikidwa m'manda, anthu khumi a m'zithunzi amasanduka alendo m'nyumba mwao momwe.

Tsono chikondwerero chino chisathere pa nyimbo ndi nsima. Banja lililonse litulutse zithunzi zake, likhazike okalamba pamkeka, ndipo mwana wodziwa kulemba alembe kumbuyo kwa chithunzi chilichonse, ndi pensulo kuti inki isaloŵerere, maina a onse amene alimo, mudzi wao, chaka ndi chimene chinkachitika. Alembenso amene sanaoneke: anaphika ndani, nkhoswe anali ndani, suti inali ya yani. Zithunzi zili m'mafoni zitsukidwe pa pepala, zingapo zokha zofunika, pakuti foni imatayika ndi kufa msanga kuposa sutikesi. Mabanja amene akhala akudikira phwando akaonane ndi Bambo Mfumu ndi akuluakulu a mphakati wao, ndipo mphakatiwo ukhale wokonzeka kudzaza mitsuko, wina ndi ufa, wina ndi nkhuku, wina ndi jekete.

Ndipo achinyamata okhala ndi mafoni achite chinthu chimodzi chimene makolo sakanatha m'masiku a filimu yokwera mtengo. Ajambule bambo ndi mayi ao pa tsiku wamba, ali pakhonde akutong'ola chimanga, kapena akuchokera kumunda makasu ali paphewa, atavala zao zomwe. Asawauze poika manja. Pambuyo pa zaka zambiri, mdzukulu wina adzatenga chithunzi chimenecho nafunsa ngati agogo ake anali olemera, ndipo wamkulu amene adzakhalepo adzamuuza kuti ayang'ane bwino m'mene akhalira moyandikana, nawerenge maina ali kumbuyoko.

Mulungu adalitse mabanja onse a parishi ino, apatse mpumulo wosatha makolo amene nkhope zao zili m'buku lino, pamodzi ndi iwo amene zithunzi zao zinapsa koma maina ao Iye akuwadziwa.

Atamandike Yesu Khristu.